Kukaonetsa kafukufuku wa tizilombo koyamba: yambirani msonkhano wapafupi

Tsiku limene ndinaima koyamba pamaso pa anthu kuti ndifotokoze kafukufuku wanga, ndinali ndi masilaidi 34 pomwe mphindi zimene anandipatsa zinali khumi basi. Unali msonkhano waung'ono, mu holo ya hotela ina ya kunyanja, anthu ake osakwana zana. Ndili pa silaidi ya 12, ndisanafike n'komwe pa zimene ndinapeza, wapampando anagogoda tambula ndi bolopeni kundichenjeza kuti nthawi yatsala pang'ono. Ndinayamba kudumphitsa masilaidi ngati wopirikitsa nkhuku pa mphale, ndipo nditatsiriza m'holo munangoti zii. Kenaka mayi ena achikulire, dokotala wa ana, anakweza mkono. "Mwati mwapeza mabakiteriya m'magazi a ana akhanda. Nanga mukudziwa bwanji kuti anali m'magazi a mwanayo, osati pakhungu pake kapena pa zala za amene anatenga magaziwo?" M'kamwa munauma gwa. Ndinathokoza chifukwa cha funsolo n'kukhala pansi.

Pa tiyi mayi omwewo anandipeza nditabisala kuseri kwa chipilala, samusa ali m'manja. "Bwera kuno mwana wanga," anatero, nakoka mpando. Anatenga kapepala kopukutira kukamwa nayamba kundilembera: awa uwachotse, awa uwasunge, awa ukaone kaye mmene mwanayo analili ndiponso kuti botolo linaonetsa kumera patatha maola angati. Nditabwerera ku labu ndinachotsa ma coagulase-negative staphylococci ambiri, mabakiteriya okonda kukhala pakhungu, amene ndinawawerengera ngati odwalitsa. Chiwerengero changa chinachepa pafupifupi ndi theka, koma chotsalacho chinali choti ndikhoza kuchiimira paliponse. Ndiye ndikamauza achinyamata a ku labu kwathu kuti ayambire pa msonkhano wapafupi, si kuti ndikuwatonthoza chifukwa ndalama ya ndege palibe. Ndimakumbukira mayi aja.

Bwanji wapafupi?

Aliyense amalota za ku Ulaya kapena ku America, ndipo si tchimo. Koma misonkhano ikuluikulu monga ESCMID Global kapena ASM Microbe imasonkhanitsa anthu masauzande, maposita ali mizeremizere ngati mabenchi a mu msika wa Limbe, ndipo wongoyamba kumene amapatsidwa ola limodzi kapena awiri kuti aime pambali pa posita yake. Akuluakulu amene mumawerenga mapepala awo amakhala ali pa liwiro, akuthamangira kwina. Ngakhale ku America komweko, ofufuza za mmene tizilombo timadwalitsira anthu ali ndi misonkhano yawo ing'onoing'ono ya m'zigawo, monga Midwest Microbial Pathogenesis Conference ndi Mid-Atlantic Microbial Pathogenesis Meeting, kumene ophunzira ndi ongomaliza kumene PhD amapatsidwa mpata woyankhula, maprofesa atakhala pansi kumvetsera. Ngati iwo amene ali ndi zonse anaona kufunika kwake, nanji ife?

China n'chakuti tizilombo tathu tili ndi makhalidwe akeake. Tengani Salmonella amene si wa typhoid. Kwa munthu wa ku Ulaya ameneyu ndi wotsegula m'mimba ukadya nkhuku kapena dzira losapsa bwino, pakatha masiku angapo wachira. Kuno amalowa m'magazi, makamaka mwa ana odwala malungo, operewera magazi kapena onyentchera, ndiponso akuluakulu amene chitetezo chawo chagwa ndi HIV, ndipo amapha. Mtundu wake wotchedwa ST313 unafotokozedwa mu 2009, ndipo D23580, Salmonella wa mtundu umenewu amene lero ali m'mafiriza a malabu ambiri kunja, anachokera m'magazi a mwana wa ku Blantyre mu 2004. Ku chipatala cha Queen Elizabeth akhala akulondoloza zomera m'magazi a odwala kuyambira 1998. Mukatchula zimenezi pa msonkhano wa m'chigawo chathu, m'holomo mumakhala anthu amene anawaona anawo ndi maso awo. Sataya nthawi kudabwa kuti Salmonella wafika bwanji m'magazi. Akufunsani kuti mwa ana a mu kafukufuku wanuyo ndi angati anali ndi malungo, ndipo funso lotero ndi limene limakusunthani.

Poyambira pabwino pakhomo pano ndi Research Dissemination Conference ya Kamuzu University of Health Sciences, imene kale inkachitika pansi pa College of Medicine, sukuluyi isanaphatikizane ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021. Kumeneko sikufuna pasipoti, ndipo amene akufunseni mafunso mudzakumana nawonso mawa pa msewu wa Chipatala. Mukalimba mtima yang'anani kummwera, kumene kuli msonkhano wa FIDSSA, bungwe la mabungwe a matenda opatsirana kummwera kwa Africa, ndiponso wa South African Society for Microbiology. A za labu ali ndi wa ASLM, umene wachitika kangapo ku Cape Town komanso ku Abuja mu 2018. A malungo ali ndi wa MIM, umene unayambira ku Dakar mu 1997 ndipo mu 2024 unali ku Kigali. Wa typhoid ndi ma Salmonella olowa m'magazi umazungulira maiko, ndipo unafikapo ku Kampala mu 2017 ndi ku Kigali mu 2023. Ngakhale Lusaka, kumene mungafike pa basi kudzera ku Mchinji, inalandirapo msonkhano wa kafukufuku wa matenda wa EDCTP Forum mu 2016 ndi wa umoyo wa anthu wa CPHIA mu 2023.

Si yonseyi imene ingakuyenereni. Ina, monga CPHIA, nkhani zake zambiri n'za ndondomeko za umoyo, ndipo munthu wobwera ndi nkhani ya puloteni imodzi ya pa khungu la bakiteriya angasowe womufunsa. Chimene ine ndimachita n'kufuna pulogalamu ya ulendo wapitawo n'kuwerenga: ndi angati mwa oyankhula anali ophunzira, panali gawo la tizilombo ndi mmene timadwalitsira, anapereka thandizo la ulendo kwa achinyamata kapena ayi. Ngati oyankhula onse ndi maprofesa ndi nduna, mudzangokhala woombera m'manja.

Chenjeraninso ndi maimelo aja okutchulani "esteemed professor" inu musanamalize n'komwe masters, okuitanirani ku Dubai kapena ku Paris kukakhala mlendo wolemekezeka, bola mulipire madola mazana angapo. Mutu wa msonkhano wake umaphatikiza tizilombo, mano, ulimi ndi za mlengalenga pamodzi. Chikomekome cha mkuyu. Ngati supavaiza wanu ndi anzake sanaumvepo msonkhanowo, ndipo palibe bungwe lodziwika limene laukonza, ifufuteni imeloyo.

Abstract

Abstract ndi chidule cha kafukufuku wanu, nthawi zambiri mawu 250 kapena 300, ndipo ndi imene imakutsegulirani khomo, ndalama za ulendo zomwe. Musanatsegule laputopu, chitani ichi. Pezani munthu amene si wa sayansi, kaya achemwali anu kaya amayi amene amakolopa mu labu, muwauze m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi, chimene mwapeza. Osati chimene munachita, koma chimene mwapeza. Mukayamba ndi "tinatenga masampulo, kenaka tinawaika mu..." ndiye kuti simunakonzeke. Mukatha kunena kuti "mabakiteriya ochokera m'magazi akupulumuka mu seramu (madzi a m'magazi) kuposa anzawo ochokera m'chimbudzi", abstract yanu yabadwa, chotsala n'kuiveka zovala.

Ambiri amathera theka la mawu awo pa chiyambi, kutiuza kuti kusamva mankhwala kwa tizilombo ndi vuto la dziko lonse. Oweruza abstract akudziwa zimenezo, amazimva tsiku lililonse. Ziganizo ziwiri zikukwana: chimene chikudziwika, ndi kabowo kamene inu mukufuna kutseka. Malo aakulu asiyireni zotsatira, ndipo zotsatirazo zikhale ndi manambala athunthu. Tinene kuti munayesa ma isolate 40, ndiko kuti mabakiteriya opatulidwa m'masampulo, ndipo 31 sanamve mankhwala a ceftriaxone. Lembani 31 mwa 40, musangolemba peresenti yokha, chifukwa woweruza akaona peresenti yopanda mwini amaganiza kuti munayesa anayi ndipo mukubisa. Kulemba kuti "zotsatira zidzafotokozedwa pa msonkhano" n'kudzichotsa nokha pa mndandanda. Ngati ntchito sinathe, nenani zimene muli nazo lero, n'kuonetsa kuti n'zoyambirira.

Pa mawu otsiriza musalumphe mtsinje umene simunauyeze. Ma isolate a chipatala chimodzi sakuyankhulira Malawi yense, ndipo zochitika m'mbale ya pulasitiki sizinachitike m'thupi la munthu.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene timaulula mlendo. Dzina la kachilombo limalembedwa mopendeketsa, loyamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono. Koma Typhi ndi Typhimurium ndi maina a serovar, timagulu ta mkati mwa Salmonella, choncho amayamba ndi chilembo chachikulu ndipo sapendekeka. Wa Salmonella aliyense akaona mwalakwitsa pamenepa amayamba kukayika zina zonse, ngakhale kuti si chilungamo. Nambala ya chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC, ikhale pafupi, pakuti misonkhano yambiri imaifuna ngati masampulo anachokera kwa anthu.

Aliyense amene dzina lake lili pa abstract aione isanatumizidwe. Musamuiwale tekinishani amene anadzuka Loweruka kukawerenga mbale zanu. Ine ndinayambira pa benchi pomwepo, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira kuona ntchito ya manja ako ili pa khoma, dzina lako mulibe. Supavaiza mpatseni masabata awiri, osati usiku wa tsiku lomaliza, ndipo mufunseni mosabisa kuti ndi ziti mwa zimene simunasindikize zimene mungaonetse pagulu. Potumiza, tumizani kutatsala masiku awiri. Tsiku lomaliza ndi limene magetsi amazima, bandulo imatha, ndipo pakati pa usiku pa okonza msonkhano pakhoza kukhala nthawi ina kuno.

Ndalama

Thandizo la ulendo nthawi zambiri limapemphedwa pa fomu yomweyo ya abstract, kabokosi kakang'ono kongochonga. Anthu amakaphonya n'kudzalira pambuyo. Akafuna kalata, musalembe zodandaula za umphawi. Nenani chimene mukaonetse, munthu kapena njira ya mu labu imene mukufuna kukaiphunzira, ndi mmene mudzaigwiritsire ntchito mukabwerako. Mukalephera pamenepo, funsani ngati pulojekiti yanu ili ndi ndalama ya misonkhano, pakuti zambiri zimakhala nayo koma sailengeza. Lemberaninso okonza msonkhano kuti akuchotsereni ndalama yolembetsa, inu muthandize kunyamula maikolofoni kapena kulandira alendo. Kupempha sikuba, ndipo wonyamula maikolofoni amadziwana ndi holo yonse.

Bajeti ya kunja ilembeni m'madola. Amene anali ndi ulendo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa chimene ndikunena. Funsaninso msanga ngati thandizolo amapereka ulendo usanachitike kapena amabweza mukabwerako, chifukwa ngati n'zobweza muyenera kupeza pobwereka, ndipo risiti iliyonse, ngakhale ya takisi, ndi boarding pass yomwe, muzisunge mu envulopu imodzi. Pasipoti iyang'aneni lero, osati kalata yokuitanani ikafika. Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever muzikhala nayo, makamaka ngati ndege yanu ikudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, chifukwa maiko ena, South Africa yomwe, amaifuna kwa amene wachokera kapena wakhalitsa m'maiko amene muli matendawa.

Za maalawansi ndinene pang'ono, pakuti tonse timazidziwa. Alipo amene amasaina m'mawa, n'kusowa tsiku lonse, madzulo n'kutulukira ndi majumbo a m'mashopu. Gulani nsapato za ana, palibe akuletsani, koma gulani tsiku lomaliza. Misonkhano ya m'chigawo ndi yaing'ono, mpando wopanda munthu umaoneka, ndipo amene akugawa thandizo la chaka chamawa ali m'holo momwemo.

Posita kapena kuyankhula

Mukapatsidwa posita musaone ngati mwaluza. Pa posita mumacheza ndi munthu mmodzimmodzi, ndipo amakuuzani zimene sakananena pagulu. Kukula kwake kawirikawiri ndi A0, masentimita 84 kwa 119, koma werengani malangizo kuti muone ngati bolodi lake ndi loimirira kapena logona. Ine ndimasindikiza pa nsalu masiku ano. Imapindika ngati chitenje, imalowa m'chikwama, ukafika n'kuisita kumbuyo. Ndinasintha nditaiwala chubu cha posita ya pepala pa shelefu ya basi, n'kukaima tsiku lonse pambali pa mapepala a A4 olumikiza ndi selotepi.

Mutu wa posita ukhale chimene mwapeza, chiganizo chija munauza achemwali anu. Munthu ataima mamita awiri azitha kuuwerenga. Chepetsani mawu, kulitsani magirafu. Ngati mwajambula mbale ya agar kapena fomu ya ku labu, onetsetsani kuti dzina la wodwala silikuoneka, ngakhale pakona. Konzani mafotokozedwe awiri, a mphindi imodzi kwa wodutsa ndi a mphindi zisanu kwa amene waika kapu yake pansi. Ndipo imani pamenepo nthawi yonse imene mwapatsidwa, foni ili m'thumba.

Kuyankhula ndiye nkhani ya masilaidi 34 aja. Mphindi khumi zimanyamula masilaidi asanu ndi atatu, mwina khumi. Girafu iliyonse, yambani mwauza anthu chimene chili mmunsi ndi chimene chili m'mbali, chifukwa inu mwakhala nayo miyezi, iwo akuiona koyamba. Yesererani katatu pamaso pa anzanu a mu labu, wina atagwira wotchi, ndipo muwapemphe kuti asakumvereni chisoni. Fayilo ikhale pa fulashi, pa imelo, komanso ngati PDF, pakuti kompyuta ya ku holo imatha kusokoneza zilembo zonse. Chizungu chanu chisakuchititseni manyazi. M'holomo muli a ku Mozambique amene anaphunzira m'Chipwitikizi ndi a ku Kinshasa a Chifalansa, onse akulimbana nacho chimodzimodzi. Chimene chimasokoneza anthu si kalankhulidwe ka kwanu koma liwiro.

Mafunso amene akubwera

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa mafunso a anthu a tizilombo sasinthasintha, ndipo mukhoza kuwakonzekera muli pa benchi panu.

Loyamba ndi lija la mayi aja: kachilomboka kakudwalitsa, kapena kangokhala mlendo? Pneumococcus amakhala m'mphuno mwa ana ambiri athanzi. E. coli ndi Klebsiella amakhala m'matumbo mwa tonsefe, ena mwa iwo osamva ceftriaxone, ife tikuyenda bwinobwino. Choncho dziwani pamene sampulo yanu inachokera, amene anaitenga, mmene wodwalayo analili, ndi lamulo limene munatsata posankha kuti uyu ndi wodwalitsa, uyu wangogweramo. Lamulolo mukhale mutalilemba musanaone zotsatira.

Lachiwiri limagwetsa ambiri masiku ano pamene sequencing, kuwerenga DNA ya kachilombo, yafika pafupi. Munthu amaonetsa tebulo lalikulu la majini (a mu DNA, osati a kwa sing'anga) n'kunena kuti isolate iyi ndi yoopsa kwambiri chifukwa ili ndi majini ambiri odwalitsira. Wina kumbuyo amakweza mkono: mwaonetsa kuti jiniyo ilipo, koma mwaonetsa kuti ikugwira ntchito? Stanley Falkow, katswiri wa tizilombo wa ku America, anaika muyezo wake mu 1988: ukati jini iyi ndi imene ikudwalitsa, uichotse uone ngati mphamvu yodwalitsa yachepa, kenaka uibwezeretse uone ngati yabwerera. Chitsanzo chili pakhomo pomwe. Mu 2018 gulu la Jay Hinton ku Liverpool linaonetsa kuti D23580 wa ku Blantyre uja amasiyana ndi abale ake a mtundu wa ST19, mwa zina, pa chilembo chimodzi cha DNA patsogolo pa jini ya pgtE, ndipo chilembo chimenecho chimachititsa kuti apange puloteniyo yambiri, imene imamuthandiza kupulumuka mu seramu ya munthu. Jiniyo onse ali nayo, tebulo la "ilipo, palibe" silikanaona kanthu. Ngati labu yanu ilibe zipangizo zopangira mutant, kachilombo kochotsedwa jiniyo, si mlandu. Ingonenani kuti mwapeza mgwirizano, simunaonetse chifukwa, ndipo mukufuna wogwira naye ntchito amene angathe. Nthawi zambiri munthuyo amakhala ali m'holo momwemo ndipo amakupezani pa tiyi.

Lachitatu: mwayerekeza ndi chiyani? Kunena kuti isolate yanu imalowa kwambiri m'maselo kulibe tanthauzo popanda mnzake woyerekeza naye. Kwa Salmonella Typhimurium anthu amayembekeza kuona wa ST19 monga 4/74 kapena 14028 pambali pake. Akufunsaninso kuti mabakiteriyawo munawameretsa mu chiyani ndipo munawakolola ali pa msinkhu uti, pakuti Salmonella amayatsa ndi kuzimitsa zida zake zolowera m'maselo malinga ndi mmene wakulira. Munaika mabakiteriya angati pa selo imodzi? Gentamicin, mankhwala ophera mabakiteriya otsalira kunja kwa maselo, munaika wochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo munatsimikiza kuti isolate yanuyo imamumva gentamicin? Funso lotsirizali si lachibwana kuno kwathu kumene tizilombo tambiri sitimva mankhwala angapo. Maselo ake anali THP-1 a munthu, RAW 264.7 a mbewa, kapena ochokera m'magazi a anthu odzipereka? Seramu inali ya yani? Yankho lililonse likhale pa silaidi yapadera kumapeto, yosaonetsa pokhapokha atafunsa.

Lachinayi ndi lochititsa manyazi mukagwidwa nalo: munabwereza kangati? Timaenje titatu ta pa mbale imodzi tsiku limodzi si maulendo atatu. Ndi ulendo umodzi woyeza katatu. Kubwereza kwenikweni n'kuyambiranso tsiku lina ndi mabakiteriya omeretsa mwatsopano. Lembani pansi pa girafu kuti madontho anuwo akuimira chiyani. A za kusamva mankhwala, dziwani ngati munatsata miyezo ya EUCAST kapena ya CLSI ndi ya chaka chiti, pakuti malire ake amasintha, ndipo mukhale okonzeka kunena kuti E. coli ATCC 25922 wanu, wotsimikizira kuti kuyezako kukuyenda bwino, anatuluka bwanji sabata imeneyo.

Lachisanu limachokera kwa madokotala ndi a ku unduna, amene pa misonkhano ya m'chigawo amakhalapo ndithu: ndiye zimenezi zithandiza bwanji ku wodi? Musanyoze funsoli, komanso musaname. Njira yochoka pa benchi kufika kwa wodwala ilipo ndipo tinaiona. Typhoid wosamva mankhwala atachuluka ku Blantyre kuyambira cha mu 2011, anaonekera m'mabotolo a magazi omwewa. Katemera wake anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, anateteza pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu Meyi 2023 anafika dziko lonse. Zinatenga zaka zoposa khumi ndi anthu ochuluka. Inuyo nenani pamene njerwa yanu ikukhala pa khoma loterolo, osalonjeza katemera chaka chamawa.

Funso likakukanikani, nenani kuti simunaliyeze, kenaka tulutsani bolopeni mulilembe anthu akuona. Musapeke yankho pamaso pa anthu amene agwira kachilomboko zaka makumi awiri. Alipo ena amene amaimirira osati kudzafunsa koma kudzakamba za ntchito yawo. Amenewo athokozeni, yang'anani wapampando, adzakupulumutsani.

Pa tiyi

Timakonda kukhala tokhatokha, a labu imodzi tebulo limodzi, kuseka za kwathu. Anthu amenewo mudzawaona Lolemba. Musananyamuke, lembani maina atatu a anthu a pa pulogalamu amene mukufuna kuyankhula nawo, muwerenge pepala limodzi la aliyense, mukonze funso limodzi lenileni. Kwa wamkulu pitani mwaulemu, mudzitchule dzina ndi kumene mwachokera, mufunse funso lanulo, muwapemphe adzadutse pa posita yanu. Musayambe n'kupempha sukulu kapena ntchito. Koma kunena zoona, amene andithandiza kwambiri pa zaka zonsezi si maprofesa. Ndi anzanga a msinkhu wanga a ku Lusaka, ku Harare ndi ku Maputo, amene ndimawatumizira chithunzi cha gel pa WhatsApp usiku n'kufunsa kuti kodi ichi n'chiyani, amene amadziwa kumene kukupezeka reagent ikasowa.

Kwa achemwali anga, ndiponso achimwene: wamkulu akati mukakambirane za kafukufuku ku chipinda chake, yankhani kuti mukumane pa malo olandirira alendo kapena pa nkhomaliro. Wofunadi sayansi savutika nazo. Misonkhano yambiri tsopano ili ndi munthu wolandira madandaulo otere, ndipo dzina lake limakhala mu pulogalamu.

Mukagwirizana ndi wina kuti akuthandizeni, musatengeke n'kumulonjeza ma isolate m'chikwama ulendo wotsatira. Tizilombo timayenda ndi pangano losainidwa losamutsira masampulo, lotchedwa MTA, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ndi mapaketi atatu ovomerezeka a UN3373 kapena UN2814 malinga ndi mtundu wake. Panganolo ndi limenenso limateteza dzina lanu pa pepala limene lidzatuluke.

Mukabwerako, sabata isanathe lemberani aliyense amene munacheza naye, mizere itatu yokha, kumukumbutsa chimene munakambirana. Perekani marisiti. Pa msonkhano wa labu wotsatira musafotokoze za hotela, koma werengani mafunso amene munalemba aja, mugwirizane kuti ndi liti limene mukaliyankhe pa benchi mwezi uno. Abstract ija isagone mu laputopu, chifukwa ndi mafupa a pepala lanu loyamba.

Chaka chino mtsikana wina wa ku labu kwathu akupita koyamba, ndi ntchito yake ya Klebsiella. Anabwera ndi masilaidi 26. Tafika pa asanu ndi anayi, ndipo tikukanganabe za yachisanu ndi chinayiyo, imene ili ndi mtengo wa majini wokongola kwambiri umene anauvutikira miyezi iwiri, koma umene wokhala mzere wachitatu sangathe kuwerenga. Iye akuti ikhale. Tiyesereranso Lachinayi, wotchi ili m'manja.